Ng'ombe yokalamba ya diso loyera: tigule kapena tisiye?

Ku Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukira, minda ya tiyi imafika pafupi ndi makomo a anthu. Malo odyetsera ziweto ndi ochepa, choncho wofuna ng'ombe ya mkaka amaimangira khola n'kumaidulira nsenjere. Banja lotere limakhala ndi ng'ombe imodzi, zikachuluka ziwiri, ndipo ndalama yogulira imakhala yosonkha nthawi yaitali: ya nandolo, ya ku banki m'khonde, ina yotumiza mwana wa ku Joni. Misoti yabwino ndi yosowa komanso yodula, makamaka chigwereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, chaka chomwenso namondwe wa Freddy anakokolola ziweto ku Mulanje ndi Phalombe. Ndiye zikamveka kuti wina ku Bvumbwe kapena ku Thuchila akugulitsa ng'ombe yaikulu motchipa "chifukwa cha diso lokha", mtima umadumpha. Mafunso otsatirawa ayankhidwe ndalama isanatuluke m'thumba.

Kodi ng'ombe yoona ndi diso limodzi ingatulutse mkaka ngati inzake?

Ingatulutse, bola disolo likhale loti linapola kale ndipo silikuipweteka. Mkaka umadalira chakudya, madzi, mtundu wa ng'ombe ndi kubereka kwake. Ng'ombe ya m'khola siyenda mtunda kukasaka msipu, siwoloka msewu, silimbirana udzu ndi gulu la zinzake. Modyera ndi momwera zili pomwepo tsiku lililonse, ndipo mphuno ndi makutu ake zimaithandiza kwambiri. Ikazolowera khola, mlendo sangadziwe n'komwe kuti mbali imodzi siona.

Diso lopweteka ndiye lina. Ng'ombe yomva ululu imatsinzina, imathawa dzuwa, imaima pakona itazolika mutu, imadya mwa apo ndi apo, ndipo mkaka umatsika m'masiku omwewo.

Wogulitsa akuti ndi ng'ala chabe. Choyeracho chingakhale chiyani?

Zoyeretsa diso la ng'ombe ndi zingapo, ndipo kuopsa kwake n'kosiyana kutalitali. Chofala kwambiri ndi chipsera chotsala pambuyo pa matenda a maso oyenda ndi ntchentche. Kachilombo kake, komwe madokotala a ziweto amati Moraxella bovis, ntchentche imakatenga pa misozi ya ng'ombe yodwala n'kukakasiya pa diso la ina. Fumbi, dzuwa lamphamvu ndi udzu wolasa m'maso zimakatsegulira njira. Poyamba diso limangochucha misozi mpaka tsaya kunyowa, kenaka pakati pake pamatuluka kadontho kotuwa, komwe ndi chilonda. Diso lonse limatha kuchita mbuu. Pakapita milungu ingapo kutuwako kumayamba kuchoka kuyambira m'mphepete, n'kutsala kachipsera koyera pakati. Kuno ku Mulanje mvula imagwa yambiri, ndowe m'khola siziuma msanga, ndipo ntchentche zimaswana kwambiri nyengo yotentha ndi ya dzinja, motero si zachilendo kupeza ng'ombe yaikulu ili ndi kachipsera komwe inakatenga ili thole. Matendawa ndi osiyana ndi a maso ofiira aja anavuta anthu ku Karonga ndi maboma ena mu 2024.

Chipsera chakale sichivuta kuchizindikira. Diso limakhala louma ndi lotseguka bwino, tsaya lilibe mzere wa misozi, ntchentche sizikuunjikanapo, ndipo choyeracho chili pamwamba pa diso, chosalala, chosatukuka. Chotere sichikula ndipo sichipatsirana. Kwa ine, ng'ombe ya chipsera chotere ndi yoyenera kuiganizira mofatsa, chifukwa mtengo wake umatsika kuposa momwe phindu lake latsikira.

Palinso tinyongolotsi ta m'maso totchedwa Thelazia, toyera, topyapyala ngati ulusi, totalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Timabisala kuseri kwa kachikope kamkati kamene kali pakona ya diso chakumphuno, ndipo nato timabwera ndi ntchentche. Diso limachucha misozi osaleka, kenaka limatuwa. Alangizi a ziweto amatha kutichotsa kapena kupereka mankhwala a nyongolotsi, ndipo likagwidwa msanga diso limachira.

Ng'ala yeniyeni imakhala mkati, kuseri kwa kamwana ka diso, pamwamba pali pagalasi bwinobwino. Siipweteka ng'ombe, koma sichoka ndi mankhwala odontheza kapena jakisoni. Ikakhala yobwera ndi ukalamba, kawirikawiri diso linalo limatsatira, choncho liyang'anitsitseni lomwe akuti ndi labwinolo.

Nanga ndi vuto liti la diso lomwe ndikaliona ndingotembenuka n'kumapita?

Chilichonse chomera. Mukaona kanthu kotukuka ngati njerewere, kapena kachigamba koyera kokhakhala m'malire a poyera ndi pakuda pa diso, pa chikope cham'munsi kapena pa kachikope kamkati kaja, ganizirani za khansa ya diso. Imagwira kwambiri ng'ombe zopitirira zaka 5, makamaka za zaka 7 kapena 8, ndiye kuti msinkhu womwewo wa ng'ombe zomwe zimagulitsidwa motchipa. Imakonda ng'ombe za zikope zoyera kapena zofiirira, zopanda khungu lakuda loziteteza ku dzuwa. Ng'ombe zathu za makolo, za zikope zakuda, siziivutika kawirikawiri. Za mtundu wa Friesian ndi zosakaniza zake, zikakhala ndi banga loyera lofika m'diso, ndi zomwe zili pachiopsezo.

Khansayi imayamba mwaulemu, n'chifukwa chake imanyenga. Kwa miyezi ingapo kamangokhala kanjerewere kosapweteka, ng'ombe ikudya ndi kukamidwa bwinobwino. Kenaka kamakula, kamachita manthumanthu, kamatuluka magazi kakakhudzidwa, kamayamba mafinya ndi fungo. Ntchentche zimaikira mazira, mphutsi zimalowa, ndipo ng'ombe imayamba kudzikhula pa mitengo ya khola usiku wonse. Ikafika apa imakhala italowa m'fupa lozungulira diso kapena m'mwanabere wa pansi pa khutu. Papasani pamenepo, mbali zonse ziwiri. Mbali ya diso lodwala ikakhala ndi chotupa cholimba chomwe mbali inayo ilibe, nkhani yatha.

Dokotala amatha kudula kachotupako kakadali kakang'ono, kapena kuchotsa diso lonse n'kusoka zikope, ndipo ng'ombe zambiri zimakhala bwino pambuyo pake. Koma ntchitoyi imafuna dokotala weniweni wa ziweto, mankhwala ochititsa dzanzi, ndalama ya mayendedwe ake, komanso masiku otaya mkaka, ndipo nthawi zina chotupa chimabwereranso. Amene ng'ombeyo ndi yake kale, wakama mkaka wake zaka zambiri, ali ndi chifukwa cholipirira zonsezi. Inu amene mukungoyamba mulibe chifukwa chogulira vuto la mnzanu. Musadalirenso zoti ikavuta mudzangogulitsa kwa a butchala, chifukwa oyeza nyama akapeza kuti khansa yafalikira amataya mutu, mwinanso nyama yonse. Ndipo poti zikope zoyera ndi zakumtundu, msoti womwe ingakuberekereni ukhoza kudzatengera chiopsezo chomwecho.

Ng'ombe yomwe ndaona ine yatuwa maso onse awiri. Zikutanthauza chiyani?

Maso onse awiri akatuwa nthawi imodzi, kawirikawiri vuto lili m'thupi lonse. Choyamba kuganizira ndi chigodola cha ng'ombe, chomwe madokotala amati East Coast fever. Chimayenda ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kuluma m'makutu. Anabere a pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa amatupa mpaka kuonekera patali, thupi limatentha kupitirira madigiri 40 pomwe la ng'ombe yabwino limakhala pa 38 kapena 39, kupuma kumavuta, thovu limatuluka m'mphuno, ndipo maso amachita ngati muli utsi. Ng'ombe za mitundu yakunja zikapanda kulandira mankhwala msanga zambiri zimafa pasanathe milungu itatu. Matendawa ndi ofala kwambiri m'chigawo chapakati ndi kumpoto, ndiye funsani komwe ng'ombeyo inachokera isanafike kwa amene akugulitsayo.

Ng'ombe yomwe inadwala chigodola n'kuchira imatha kutsala ndi maso otuwa pang'ono. Ubwino wake, sichiigwiranso mwamphamvu. Kuipa kwake, imasungabe tizilomboto m'magazi, ndipo nkhupakupa zikailuma zikhoza kukapatsira thole lanu kapena ng'ombe ya aneba. Katemera wa chigodola amapangidwa konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe, ndipo kubaya kamodzi kumateteza moyo wonse. Funsani ngati inabayidwa.

Alipo matenda ena oopsa omwe ng'ombe zimatenga kwa nkhosa: maso amatuwa kuyambira m'mphepete, mamina amafinya amatseka mphuno, m'kamwa mumachita zilonda, ndipo yochira imasowa. Lamulo lake n'limodzi pa zonsezi. Ng'ombe yotentha thupi, yotupa anabere kapena yotuluka mamina sigulidwa tsiku limenelo, mtengo utsike bwanji.

Ndingayeze bwanji ndekha ngati ikuona?

Pitani kawiri, masana ndi chakumadzulo. Masana, wina aigwire mutu, inu muphimbe diso limodzi ndi dzanja kapena nsalu, kenaka musendeze chala msanga cha ku diso linalo ngati mukufuna kulitosa, osalikhudza ndiponso osakupiza mphepo, chifukwa ng'ombe yakhungu imaphethiranso ikamva mphepo pa nsidze. Yoona imaphethira kapena kubweza mutu. Chitani mbali zonse ziwiri. Mukatero itulutseni m'khola lomwe inaloweza pamtima, muiyendetse pa malo achilendo pomwe mwaikapo ndowa, mpando ndi chipika. Yoona bwino imazilambalala isanafike. Yosaona imanyamula miyendo m'mwamba, imatambasula khosi n'kumanunkhiza pansi, imagunda zinthu.

Kukada, walitsani tochi ya foni m'diso. Kamwana ka diso ka ng'ombe n'kopingasa, ndipo kayenera kuchepa kuwala kukalowa. Tochi yomweyo, mukaiwalitsa chammbali, imakuonetsani ngati choyeracho chili pamwamba kapena mkati. Ng'ombe yomwe imaona masana koma imagunda zinthu kukamada ikhoza kukhala yoperewera vitamini A chifukwa chodya mapesi ouma okhaokha miyezi yambiri, ndipo zimenezi udzu wauwisi umakonza zikakhala kuti sizinafike patali.

Zonsezi ndi zoyambira chabe. Musanalipire, tengani mlangizi wa ziweto wa dera lanu, wosankha inu, ndipo mayendedwe ake mulipire ndinu. Madokotala ali ndi mankhwala odontheza omwe amasandutsa chilonda cha pa diso kukhala chobiriwira, kotero kuti chilonda chatsopano sichingabisale kuseri kwa dzina la chipsera.

Akuti yangobereka katatu. Ndingatsimikize bwanji zaka zake?

Itsegulitseni pakamwa. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo kumtunda, kuli usinini wolimba basi. Kunsi kuli mano 8. A ubwana ndi ang'onoang'ono, ndipo amaguluka awiriawiri kuyambira pakati: awiri oyamba aakulu amamera ili ndi zaka pafupifupi 2, ena pa zaka 2 ndi theka, ena itapitirira zaka 3, omaliza a m'mbali ikamakwana zaka 4. Pa zaka 5 onse 8 amakhala aatali, otambalala pamwamba, ogundana. Kuchokera apo amayamba kuperepeseka. Pofika zaka 8 mpaka 10 amakhala afupikira, pakati pawo pakuoneka mipata, ndipo kupitirira apo amatsala tizitsa togwedera, ena ataguluka. Ngati ili ndi nyanga, mizere yozungulira patsinde pa nyanga imathandizanso, poti nthawi zambiri bere lililonse limasiya mzere wake.

Mano ndi ofunika kuposa diso. Ng'ombe ya m'khola siyenera kuzula udzu yokha, choncho mano akutsogolo operepeseka saivutitsa ngati yoyenda kudambo, bola muziiduladulira nsenjere. Koma otafunira a mkati akatha, palibe chomwe mungachite. Ikhalireni pafupi muione ikubzikula. Ikamagwetsa zibuma za udzu wotafuna mwatheka, ndowe zake zikamatuluka ndi udzu wautali wosagayika, nthiti zikuwerengeka pomwe modyera muli chakudya, ndiye kuti thupi lake layamba kubwerera m'mbuyo, ndipo madeya ochuluka bwanji sangalibweze.

Tinene kuti diso ndi chipsera chabe ndipo mano alipo. Ndigule?

Musafulumire. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Diso loyera limaonekera patali, wogulitsa amalitchula yekha, mumakambirana za ilo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mumachoka mukuona ngati mwamugonjetsa pa mtengo. Koma munthu saigulitsa ng'ombe yomwe ikumupatsa ndalama mwezi ndi mwezi chifukwa cha chipsera chomwe wakhala nacho zaka zisanu. Mwina ndi fizi ya ana kapena matenda pakhomo, ndipo zimenezo zimachitikadi. Mwinanso ng'ombeyo yasiya kutenga bere, kapena mawere ake anaonongeka. Funso loti "mukuigulitsiranji lero?" lifunsidwe kwa mwini wake, kwa aneba ake, ndi kwa amene amalemba malita kumalo osonkhanitsira mkaka komwe amagulitsa.

Pogula ng'ombe yokalamba mumagula mabere omwe yatsala nawo. Ng'ombe yosabereka situlutsa mkaka. Bere limatenga miyezi 9 ndi masiku ochepa, ikabereka imakamidwa miyezi pafupifupi 10, kenaka imapuma miyezi iwiri isanaberekenso. Mkaka umachuluka kwambiri kuyambira bere lachitatu mpaka lachisanu, ndipo pambuyo pake umanka nutsika. Ng'ombe ya zaka 9 yosamalidwa bwino ikhoza kukuberekerani kawiri kapena katatu, ikhozanso osabereka n'kamodzi komwe. Mwa ana amenewo, mwayi woti abadwe wamkazi ndi theka. Ngati chiyembekezo chanu chonse chili pa msoti wodzalowa m'malo mwa mayi ake, dziwani kuti mukhoza kulandira tinkhunzi tiwiri motsatizana.

Choncho mawu oti "ili ndi bere" asakhale a pakamwa. Mlangizi amatha kupima ndi dzanja bere likakwana miyezi iwiri kapena itatu. Pemphani khadi kapena kope lomwe munalembedwa masiku omwe inakweretsedwa ndi omwe inabereka. Ng'ombe imafuna nkhunzi masiku 21 aliwonse ngati sinatenge, ndiye mukaona kuti yakweretsedwa kanayi kapena kasanu motsatizana, mwapeza chifukwa chenicheni chomwe ikugulitsidwira. Funsaninso ngati inapolozapo. Kupoloza bere litakula kumatha kukhala chizindikiro cha brucellosis, matenda omwe amagwiranso anthu kudzera mu mkaka wosawiritsa. Ng'ombe yokalamba yotsokomola ndi kuwonda iyezedwe TB.

Mawere ayeseni ndi manja anu. Fikani nthawi yokama m'mawa, mubwerenso madzulo, ndipo ngati n'kotheka mawa lakenso, chifukwa ng'ombe yomwe sanaikame dzulo imadzaza ndowa n'kukunamizani. Kamani nokha bere lililonse mwa anayiwo, madontho oyamba agwere pa mbale yakuda. Mkaka wa zibuma, wamadzimadzi kapena wa magazi, bere lolimba ngati mwala kapena lofota, zonsezi ndi zotsalira za matenda a mawere. Bere limodzi lakufa limachotsa mkaka wambiri kuposa diso lakufa. Mukamaliza, ionetsetseni poyenda ndi podzuka, poti ziboda zopindika ndi mawondo otupa pa simenti ya khola ndi zomwe zimagwetsa ng'ombe zambiri zokalamba.

Mtengo woyenera ndingaupeze bwanji?

Yambirani pansi. Funsani a butchala awiri kapena atatu, a pa Chitakale, pa Chinakanaka kapena ku Luchenza, kuti ng'ombe ya thupi lotere angaigule zingati. Ng'ombe ya mkaka yokalamba ikaphedwa, nyama yake sifika theka la kulemera kwake ili yamoyo. Ndalama imeneyo ndi yomwe mungabweze zinthu zikavuta. Chilichonse chomwe mukuwonjezera pamwamba pake mukulipirira mkaka ndi ana omwe sanabwere, ndiye chiwonjezekecho chikule pokhapokha bere latsimikizika ndipo malita mwawaona ndi maso.

Tiyerekeze kuti mwaikama nokha n'kupeza kuti pa chaka ingamapereke malita 8 patsiku kwa masiku 300. Amenewo ndi malita 2,400. Chotsanipo omwe thole lidzamwe miyezi itatu yoyamba, a pakhomo, ndi a masiku omwe mkaka udzatayidwe chifukwa cha mankhwala. Otsalawo muchulukitse ndi mtengo womwe gulu la alimi a mkaka la kwanu likulandira panopa, kenaka muchotse madeya, mchere, dibi, kukweretsa ndi mankhwala. Ngati ndalama yoonjezera ija singabwerere pa bere limodzi, mtengowo wakwera, chifukwa lachiwiri palibe angakulonjezeni.

Kumbukiraninso ntchito. Ng'ombe yokalamba ya malita 6 nayonso imadya ndi kumwa kwambiri: udzu wauwisi makilogalamu 40 kapena 50 patsiku, madzi malita 60 kapena kuposa. Pa makomo ambiri osenza zimenezi ndi mayi ndi ana. Iwonso afunsidwe ng'ombe isanabwere.

Kodi ingapatsire ziweto zina? Nanga mkaka wake ndi wabwino kumwa?

Chipsera, ng'ala ndi khansa sizipatsirana. Diso lochucha misozi ndi lomwe limapatsira, ndipo ng'ombe yochira kumene imatha kusunga kachilomboko m'maso ndi m'mphuno kwa kanthawi. Ng'ombe yatsopano iliyonse ikhale payokha milungu itatu kapena inayi, ithiridwe dibi tsiku lofika.

Diso palokha siliononga mkaka. Choononga ndi mankhwala. Ngati wogulitsa waibaya jakisoni wa oxytetracycline kuti diso lioneke bwino pa tsiku la malonda, mkaka wake suyenera kumwedwa kapena kupita kumalo osonkhanitsira mpaka atakwana masiku olembedwa pa botolo. Mkaka wa alimi onse umathiridwa m'thanki imodzi, ndipo wa munthu mmodzi ukhoza kukanitsa wa gulu lonse. Jakisoni wa ivermectin, yemwe ena amabaya pofuna kupha tinyongolotsi ta m'maso, saloledwa pa ng'ombe yomwe anthu akumwa mkaka wake. Funsani mosabisa kuti yalandira mankhwala anji mwezi uno.

Ena amati mchere kapena fodya wopera amachotsa choyeracho. N'zoona?

Ayi, ndipo chonde musayese. Mchere, fodya, shuga, phulusa, ufa wa m'mabatire, zonsezi zimawotcha diso lomwe lili kale ndi chilonda, ndipo chilonda chikazama diso limaphulika. Amene amati zinawathandiza anaona diso lomwe likanachira lokha. Ngakhale mankhwala a m'maso a anthu otsala pakhomo ndi oopsa, poti ena mwa iwo amakulitsa chilonda. Chipsera chakale palibe mankhwala ochichotsa, ndipo sichifuna kuchotsedwa.

Pali mapepala omwe ndiyenera kuona?

Alipo. Ng'ombe zambiri za mkaka m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu zinalowa m'midzi kudzera m'ndondomeko yopatsirana, yomwe wolandira amabweza msoti woyamba kwa mnzake wa m'gulu. Amene sanabweze alibe mphamvu yogulitsa. Ngati wogulitsa ali m'gulu la pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, komiti ya gululo ikuuzani ngati ng'ombeyo ilibe ngongole, ndipo mabuku awo amasonyeza malita omwe wakhala akubweretsa. Pakhale kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ng'ombe ndi yake, ndi chilolezo cha ofesi ya za ziweto choyendetsera ng'ombe kuchoka dera lina. Chilolezochi chimateteza ku matenda monga a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe amabukabuka ku Chikwawa ndi Nsanje. Mulanje ali m'malire ndi Mozambique, ndipo ng'ombe yopanda mbiri yake, yongotulukira cha ku Muloza, ndi yoisiya.

Lembani pangano pamaso pa mboni: zaka zomwe wanena, za bere, za diso, ndi zomwe mudzachite zikapezeka zabodza. Wogulitsa wachilungamo savutika kulola kuti mupereke gawo la ndalama, lotsala mudzamalize mlangizi akatsimikiza bere.

Nanga chikanakhala chiweto chokwera kapena chokoka ngolo, monga hatchi kapena bulu?

Pamenepo diso limalemera kwambiri, chifukwa chiweto choyenda pamsewu chimanyamula moyo wa munthu. Hatchi m'dziko muno ndi zochepa. Kumayiko komwe makolo amagulira ana awo tihatchi tating'ono, tokalamba ndi tomwe timafunidwa chifukwa cha kufatsa, poti timatha kukhala zaka 30 kapena kuposa. Chomwe amaopa ndi kutupa kwa mkati mwa diso komwe kumabwera n'kupita, komwe ndi gwero lalikulu la khungu pa hatchi padziko lonse. Diso limatupa, limachucha misozi, limapola, pakapita milungu kapena miyezi limayambiranso, ndipo ulendo uliwonse limaonongeka moonjezera. Pakati pa maulendowo limaoneka labwino, choncho wogula amayenera kufufuza mbiri yake ndi kuitanitsa dokotala woyang'ana mkati mwa diso. Hatchi ya diso limodzi lomwe linachotsedwa kale, yozolowera, imakwereka bwinobwino. Ya matenda obwerezawa imafuna mankhwala moyo wake wonse ndipo ikhoza kutaya maso onse.

Abulu okoka ngolo, monga a ku Dedza ndi Lilongwe, nawonso amakhala zaka zambiri. Poti pamsewu timayenda kumanzere, diso lakumanja ndi lomwe limaona magalimoto. Bulu wosaona mbali imodzi amangidwe moti mbali yakufayo iyang'ane kwa mnzake wa pagoli.

Ndaganiza zogula. Ndiisamale bwanji, nanga diso linalo likadzafanso?

Diso lotsalalo ndiye chuma chanu. Yenderani khola lonse ndi dzanja, muchotse misomali yotuluka, mawaya ndi nsonga za mitengo zomwe zili pa msinkhu wa mutu wake. Denga likhale lopereka mthunzi masana onse. Ndowe zichoke tsiku lililonse, zikaunjikidwe patali, chifukwa m'menemo ndi momwe ntchentche zimaswana. Nsenjere muziidula tizidutswa n'kuika modyera mwapansi, kuti isamalowetse nkhope m'mapesi osongoka kapena kugwetsera zinyalala m'maso. Modyera ndi momwera zisamasunthidwe. Aliyense pakhomo, makamaka ana, adziwe mbali yomwe siona, ndipo aziyamba wailankhula asanaikhudze, chifukwa ng'ombe yodzidzimuka imaponda kapena kukankha ngakhale ili yofatsa. Pokama khalani mbali yomwe ikukuonani. M'mawa uliwonse yang'anani tsaya la diso labwinolo, ndipo mukaona misozi itanani mlangizi tsiku lomwelo.

Likadzafanso, ng'ombe yakhungu yomwe ikulidziwa khola lake imatha kumaliza bere ndi mkaka wake bwinobwino ngati sikumva ululu, ndipo palibe chifukwa choithamangitsira ku mpeni. Koma pogula ng'ombe yokalamba mwavomera kukhala mwini wake womaliza, ndipo ndi bwino banja ligwirizaniretu za tsiku loisiya: ikakweretsedwa katatu kapena kanayi osatenga, ikayamba kuwonda chakudya chilipo, ikamavutika kudzuka, kapena m'diso mukamera chotupa chomwe dokotala wati sichingadulidwe. Ng'ombe ya chotupa chonunkha isasungidwe miyezi podikira kuti ibereke kaye, ndiponso isagulitsidwe kwa mlimi wina ngati ya mkaka. Ikamapita kokaphedwa ikhale ikuyendabe yokha, nyama iyezedwe ndi oyeza nyama, ndipo ngati inabayidwa jakisoni posachedwa, dikirani masiku olembedwa pa botolo, omwe pa mankhwala ena amafika mwezi wathunthu.